Kujambula Njira za mu Ubongo wa Munthu

Kwa Mfumu Yaikulu Nazombe, m'boma la Phalombe, mvula ikagwa madambo amadzala madzi ndipo udzudzu umaswana. Makolo akumeneko amadziŵa mwana wotentha thupi amene akomoka, nagona chikomokere osadziŵa ngakhale amake. Ameneŵa ndiwo malungo a mu ubongo. Ana ena amamwalira. Ena amatsitsimuka, koma pambuyo pake amadwala khunyu kapena kulephera kusukulu. Kodi m'mutu mwao mwaonongeka chiyani?

Ubongo uli ndi timaselo pafupifupi 86 biliyoni, ndipo kalikonse kamatumiza mauthenga kwa tinzake zikwizikwi kudzera m'timinyeŵa toonda koposa tsitsi. Kulankhula, kukumbukira ndi kuyenda komwe kumadalira kulumikizanako. Kulemba mapu a njira zimenezi ndi ntchito yoŵaŵa. Mu 1986 akatswiri anatsiriza mapu a kanyongolotsi ka timaselo 302 tokha, atalimbana nako zaka zoposa khumi. A ntchentche yaing'ono anatuluka mu 2024.

Munthu wamoyo sangam'ng'ambe mutu, choncho amam'jambula ndi makina a MRI, ogwira ntchito ndi maginito. Madzi a mu ubongo amayenda motsata minyeŵa, ndipo makinawo akalondola mayendedwe a madziwo, misewu ikuluikulu imaoneka. Tinjira tating'ono ayi. Motero ntchito ya Human Connectome Project ku America inajambula anthu pafupifupi 1,200.

Kuno kwathu MRI inafika pa Chipatala cha Gulupu ku Blantyre mu 2008. Sinali ya mphamvu ngati ya ku America, koma inayankha funso limene linasautsa madotolo zaka zambiri. Dr Terrie Taylor, Dr Karl Seydel, Dr Sam Kampondeni ndi anzao anajambula ana 168 odwala malungoŵa, nafalitsa zotsatira zake mu 2015. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Chigaza sichifutukuka; ubongo ukatupa umapanikiza tsinde lake, pamene pamalamulira kupuma, ndipo mwana amaleka kupuma. Mwa ana amene anachira, kutupako kunaphwa kokha. Nchifukwa chake madotolowo anayamba kuyesa makina othandiza kupuma, kuti mwana apirire masiku oopsawo kufikira ubongo utaphwa.