Kodi Msonkho wa Pamsika Umathera Kuti?

M'maŵa, asodzi a ku Nkopola akakocheza mabwato awo, amayi amagula usipa ndi utaka napita nazo ku misika ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Malonda asanayambe n'kuyenda komwe, wokhometsa msonkho wa Khonsolo amafika nadula tikiti. Kodi ndalama imeneyi imathera kuti?

Msonkho wa VAT umene munthu amalipira m'sitolo umapita ku likulu la boma kudzera ku bungwe la Malawi Revenue Authority. Koma lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zotolera ndalama zawozawo, monga msonkho wa pamsika ndi ziphaso za malonda. Ndalamazi ndizo ziyenera kulipira osesa, kuchotsa zinyalala, ndiponso kukonza zimbudzi ndi mashedi.

Ntchito zimenezi zimapeputsidwa kufikira tsiku limene zasoŵa. Kolera itabuka m'chaka cha 2022, boma la Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri, pakuti nthendayi imafala msanga pamene pali uve ndi madzi oipa.

Ovomereza bajeti ya Khonsolo ndi makhansala. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo anthu anasoŵa wokawafunsira za ndalama zawo. Tsono lero wamalonda ali ndi zida ziŵiri: khansala wa dera lake, ndi tikiti yotsimikiza kuti ndalama yaloŵa m'buku la Khonsolo. Wopereka msonkho popanda tikiti amanenepetsa munthu mmodzi, pamene msika wonse ukugona wosasesa.