Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Masatifiketi kwa Ophunzira Kupeta Nsalu ku Mulanje

 

Tisanalowe muno anandizungulitsa pa matebulo pomwe mwayala ntchito za manja anu. Nsalu iliyonse ndimaitembenuza kuti ndione kuseri, chifukwa mmisiri wopeta amadziwikira kumeneko. Ndapeza kuseri kosalala, kopanda mfundo zolendewera, ulusi wobisidwa bwino. Aphunzitsi, ntchito mwaigwira. Tiyeni tiwaombere m'manja.

Aphunzitsi omwewa andinong'oneza funso limene lakhala likukuvutani: tikachoka pano, mapatani tizikawapeza kuti, poti ndalama zogulira mabuku tilibe? Funso limeneli ndi lenileni, ndipo mawu anga onse lero akhala pomwepo.

Amayi athu analiyankha kalekale. M'magulu a Mvano, m'magulu a amayi a mipingo ina ndi m'makalasi a homukulafuti, patani inkayenda kuchoka m'manja kupita m'manja. Mayi akaona duwa lokongola pa nsalu ya pampando kwa mnzake, ankabwereka nsaluyo usiku umodzi. M'mawa ankaimata pa galasi la zenera, n'kusanjikapo pepala lopyapyala, dzuwa n'kumuonetsa mizere, iye n'kumalondola ndi pensulo. Ena ankagwiritsa ntchito kaboni. Ena ankaboola timabowo ndi singano motsata mzere wa chithunzi, n'kupaka makala osinja pamwamba pa pepalalo, timadontho takuda n'kutsalira pa nsalu. Chithunzi chikachepa, ankachilembera timabokosi ngati ta m'kope la masamu, n'kuchikopera bokosi ndi bokosi pa pepala la mabokosi aakulu. Njira zimenezi musazitaye. Sizilira magetsi, sizilira bandulo, ndipo zikugwirabe ntchito.

Inu muli ndi mwayi umene iwo analibe. Mabuku akale a zopetapeta, amene nthawi ya umwini wake inatha, tsopano amapezeka kwaulere pa intaneti. Limodzi mwa iwo ndi Encyclopedia of Needlework, limene Thérèse de Dillmont anatulutsa mu 1886, lodzaza ndi zithunzi zoonetsa mmene singano imalowera ndi kutulukira. Kampani ya DMC ya ku France, yopanga ulusi wopetera, imapereka mapatani ambiri kwaulere. Sukulu ya Royal School of Needlework ya ku England inasonkhanitsa mitundu mazanamazana ya kasokedwe ndipo aliyense akhoza kuiona osalipira. Chingerezi chisakuopseni, chithunzi chimalankhula chokha. Langizo langa ndi loti musathe ndalama aliyense payekha. Sonkhani kangachepe, mmodzi wa foni yabwino akoke mapataniwo, mukasindikize pa boma kapena pa Chitakale, mapepalawo muwasunge mu fayilo imodzi ya gulu lonse.

Kwa inu a makina, ndili ndi mawu awiri. Oyamba ndi akuti makina opalasa ndi mapazi omwe ali pakhonde panuwo amapeta. Mukachotsa kaphazi kopanira nsalu, n'kuphimba mano amene amakoka nsalu, n'kumanga nsaluyo pa felemu yozungulira mpaka itakungika, mumaiyendetsa ndi manja kulikonse kumene mzere ukupita. Kampani ya Singer inatulutsa buku lophunzitsa zimenezi mu 1911, nthawi imene nyumba zambiri padziko lapansi zinalibe magetsi. Achiwiri ndi a makina a kompyuta, aja amapeta mabaji a sukulu ndi zizindikiro pa malaya a makampani. Makina amenewa sawerenga chithunzi wamba. Amafuna fayilo ya mtundu wake: a Brother amawerenga PES, a Janome amawerenga JEF, ndipo makina aakulu ambiri amawerenga DST. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Ink/Stitch imene imathandiza kusandutsa chojambula chanu kukhala fayilo yotere. Achinyamata amene mumadziwa kompyuta, ntchito ndi imeneyo. Sukulu za m'boma lino ndi zambiri, ndipo palibe chifukwa choti baji iliyonse izichokera ku Limbe.

Koma chaulere chili ndi malire ake. Mapatani ena eni ake amalola kuti mupetere za m'nyumba mwanu zokha, osati zamalonda. Werengani zimene alemba, kapena funsani amene angakuwerengereni, pajatu safunsa anadya phula. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso, la chaka cha 2016, ndipo bungwe la COSOMA limayang'anira zimenezi. Lamulo limene likukuletsani kutenga za mnzanu ndi lomwenso lidzateteze zanu. Ndipo fayilo iliyonse yatsopano muziyamba mwaiyesa pa kachigamba musanaiike pa nsalu ya kasitomala.

Tsopano ndifike pa chimene chili pamtima panga. Pa matebulo aja ndaona maluwa a rozi ambiri, nkhanga zakunja zotambasula michira, ndi timadengu ta zipatso zimene kuno sizimera. N'zokongola, ndipo pophunzira n'zofunika. Koma rozi yomweyo akuipeta ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku India. Mukaitengera kumsika mudzapikisana ndi nsalu za m'fakitale ndi za pakaunjika, ndipo pa mtengo adzakugonjetsani. Chimene fakitale ilibe ndi Mulanje.

Tulukani panja muone. Phiri lathu, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, lili ndi mzere umene mwana aliyense wa kuno angauzindikire ngakhale utapetedwa ndi ulusi wakuda wokha. Thanthwe la Chambe lili ndi maonekedwe akeake. Mathithi a Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula akufuna ulusi woyera ndi wobiriwira basi. Mkungudza, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lino mu 1984, kwawo kwenikweni ndi paphiri pano, ndipo macheka ndi moto zautha mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka. Aliyense woupeta pa chikwama akukumbutsa dziko kuti mtengowu uyenera kubwerera.

Tengani nsonga ya tiyi, ija amayi amathyola m'minda ya ku Lujeri ndi ku Thornwood, kumene Henry Brown anabzala tiyi mu 1891. Ndi masamba awiri ndi kamphukira kosongoka pakati. Ikani pa pepala, zungulizani ndi pensulo, onani mmene m'mphepete mwa tsamba muliri timano ting'onoting'ono ndi mmene kamphukira kaliri kowalirapo kuposa masamba. Mwapeza patani. Ibwerezeni motsatana, mwapeza mkombero wa nsalu ya patebulo. Chitani chimodzimodzi ndi maso a nanazi, ndi kalukidwe ka lichero ndi mphasa, ndi mikanda ya agogo anu, ndi ovina tchopa atasenza akatundu awo kumsana. Zonsezi palibe adzakulipiritseni. Kujambula koyamba kudzakhota, kwachiwiri kudzakhala bwinoko. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ogula alipo. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira. Alendo okwera phiri amatsikira ku Likhubula chaka chonse. Kuli mpikisano wa pachaka wothamanga paphiri, kulinso khamu limene limasonkhana kwa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Kwa zaka zambiri mlendo ankanyamula kabokosi ka mkungudza ngati chikumbutso. Lero mtengowo tikuuteteza, choncho tim'patse kansalu kopetedwa phiri, kopepuka m'chikwama, kosagwetsa mtengo ngakhale umodzi.

Zimenezi ena anazichita kale. Ku South Africa, m'mudzi wa Hamburg m'chigawo cha Eastern Cape, amayi oposa 100 anapeta mbiri ya dera lawo pa nsalu yotalika mamita pafupifupi 120, yotchedwa Keiskamma Tapestry, ndipo inakafika mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Cape Town. Ku Limpopo, gulu la Kaross linayamba mu 1989 ndi amayi owerengeka pa munda wa malalanje, akupeta nyama ndi nthano za Chitsonga, ndipo linakula mpaka kupatsa ntchito anthu mazanamazana. Anatchuka chifukwa anapeta za kwawo. Ifenso mbiri tili nayo, yokoma ndi yowawa yomwe, kuphatikizapo ya abale athu amene namondwe wa Freddy anatilanda mu Malichi 2023. Singano ikhoza kuisunga.

Ndikupempha zinthu izi. Inu otsiriza maphunziro, tsegulani buku la mapatani a gulu. Aliyense wojambula patani yatsopano ailembemo, pamodzi ndi dzina lake, mudzi wake ndi tsiku, kuti obwera m'mbuyo mwanu adzapeze poyambira ndipo mwini luso asaiwalike. Patani ikhale yaulere pakati panu, koma thukuta lanu lisakhale laulere: werengerani nsalu, ulusi ndi masiku amene mwakhalira pansi, kenaka muike mtengo. Inu a mabanki m'khonde, akongozeni ndalama ya ulusi wabwino wosasuluka. Aphunzitsi aakulu, akuluakulu a mipingo ndi eni malo ogona alendo, mukafuna mabaji, nsalu za paguwa kapena zoyala m'zipinda, yambani mwafunsa kuno kwathu. Abambo, mayi akakhala pansi ndi singano ali pantchito, muthandizeni. Ndipo anyamata amene mwaphunzira nawo lusoli, musachite manyazi, luso silisankha kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi.

Ndikukuyamikirani nonse amene mukulandira masatifiketi lero. Pitani mukapete Mulanje, ndipo mukaphunzitse ena. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetsero cha ntchito zanu chatsegulidwa, ndipo ndikupempha aliyense amene ali muno asachoke chimanjamanja.

Mulungu akudalitseni, adalitsenso boma lathu la Mulanje.