Nzeru za Makolo Ndi Cuma ca Mudzi

(Mau a kwa alimi a kwa Kapichila, m'boma la Lundazi)

Mlimi ali yense adziwa kuti nkhokwe yosatseka iitana mbala. Koma iripo nkhokwe yina imene ambiri saiyang'anira, ndiyo nzeru zimene makolo anasiya. Mai wopacika mbeu za mawere ndi cimanga ca makolo pa utsi kuti zisafumbwe, nkhalamba yodziwa muzu wociritsa ng'ombe, ndi mnyamata woimba ng'oma za Vimbuza, onsewa asunga cuma ca mudzi wonse.

Cuma cotere cikhoza kutengedwa. Ku South Africa anthu a mitundu ya San ndi Khoi ndiwo anayamba kudziwa citsamba ca rooibos, cimene masamba ace amwedwa ngati tiyi. Zaka zambiri amalonda anapindula naco, eni nzeru osalandira kanthu. Kunali m'caka ca 2019 pamene amalondawo anabvomera kupereka kwa mitunduyi 1.5 pa 100 ya mtengo wogulira masambawo kwa alimi.

Kuno ku Zambia Boma linakhazika Lamulo Nambala 16 la caka ca 2016, loteteza nzeru za makolo, mbeu, mitengo ya mankhwala, nyimbo ndi magule. Loyang'anira lamuloli ndi bungwe la PACRA. Lamuloli liti munthu wofuna kucita malonda ndi nzeruzi ayambe wafotokoza colinga cace kwa eni ace, alandire cilolezo cao, ndi kugawana nao phindu. Kupatsana mbeu ndi mankhwala pa cibale, monga mwa mwambo, sikuletsedwa ai.

M'caka ca 2024 maiko anapangananso ku Geneva kuti wofuna kulembetsa cinthu catsopano kuti ncace, aulule kumene anatenga mbeu kapena nzeru zimene anapangira cinthuco. Dziko loyamba kutsimikiza panganoli linali la Malawi.

Cifukwa cace mlendo akafika pa mudzi kudzafunsa za mizu, kudzatola mbeu kapena kudzajambula magule, asapatsidwe m'seri cifukwa ca tindalama tocepa. Aperekezedwe kwa nyakwawa ndi kwa Mfumu, anene kumene acokera ndi kumene zinthuzo zipita, ndipo pangano lilembedwe pa pepala pamaso pa anthu.

Koma lamulo silingateteze cimene caiwalika. Nkhalamba ikafa isanaonetse mdzukulu muzu uja, nzeruyo yalowa nayo m'manda. Akulu aphunzitse ana akali moyo, ndipo ana amvere, pakuti mau a akulu akoma akagonera.