Matenda a Shuga ndi Ciphaso ca Kuyendetsa Galimoto

M'makomboni a ku migodi muli amuna ambiri amene nsima ya ana ao icokera ku ciongolero ca lole kapena ca basi. Munthu wotere akauzidwa ku cipatala kuti ali ndi matenda a shuga, mtima wace uthamangira ku ciphaso cace: kodi amlanda? Ena, poopa ici, abisa nthendayo kwa dotolo wowayesa.

Cimene a boma aopa kwambiri si kucuruka kwa shuga m'mwazi ai, koma kucepa kwace. Mankhwala a insulin, amene Frederick Banting ndi Charles Best anawapeza ku Toronto m'caka ca 1921, nchito yace ndi kutsitsa shuga. Ndipo munthu akabaya jekeseni osadya kanthu, shugayo atsika kopitirira. Thukuta liyamba kutuluka, manja anjenjemera, njala imgwira mwadzidzidzi, maso aona zinthu ziwiriziwiri, nzeru zisokonezeka. Womuona ayesa kuti waledzera, cinkana sanalawe mowa ndi dontho lomwe. Pa mseu wocokera ku Kitwe kunka ku Chingola, pamene malole akuluakulu adutsana usana ndi usiku, kamphindi kotere nkokwanira kudzetsa maliro.

Ku Britain lamulo linena mosabisa. Munthu amene nthenda yace igonja ndi kusala zakudya kokha asunga ciphaso cace popanda kuuza boma. Koma wobaya insulin ayenera kudziwitsa ofesi ya ziphaso yochedwa DVLA, ndipo akabisa angathe kulipitsidwa kufikira £1,000. Apatsidwa ciphaso ca caka cimodzi, ziwiri kapena zitatu. Ayesa mwazi wace asananyamuke, nayesanso akapita maora awiri ali onse pa ulendo. Muyeso ukakhala 5 kapena kucepera, ayambe wadya; ukatsika pansi pa 4, asayendetse konse. Cikamgwera pa njira aimike galimoto, acotse kiyi, acoke pa mpando wa woyendetsa, adye shuga kapena amwe cakumwa cotsekemera, ndi kuyembekeza mphindi 45 mwazi utabwerera m'malo mwace, pakuti ubongo ucedwa kutsitsimuka. Kuyambira caka ca 2011 obaya insulin aloledwa kupempha ciphaso ca lole ndi basi, koma ayesedwa caka ndi caka.

M'dziko la Zambia ziphaso zituruka ku RTSA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002, ndipo wopempha ciphaso apita ndi kalata ya dotolo. Pamenepo ndipo poyenera kuulula zonse, makamaka za maso ndi mapazi: nthendayi ikakhalitsa iononga maso pang'onopang'ono, ndipo ipha mitsempha ya ku mapazi kotero kuti munthu sazindikira ngati phazi lace laponda buleki kapena ai.