Mawu Akasasa Osachira: Khansa ya Pakhosi ndi Opaleshoni

Amayi, m'sewero lomwe tamva pa wailesi lija munali bambo wina wa ku Kameza amene mawu ake adasasa kwa miyezi iwiri. Mkazi wake ankamupatsa madzi a mandimu ndi uchi, koma osasintha. Adokotala atanena kuti mwina ndi khansa ya pakhosi, bamboyo adakana kubwereranso kuchipatala. Adati, "Akanding'amba pakhosi sindidzayankhulanso." Anthu ambiri ali ndi mantha omwewa. Tiyeni tikambirane.

Khansa imeneyi kawirikawiri imayamba pa kholingo, pamene pamatuluka mawu. Imakonda kugwira anthu osuta fodya ndi omwa mowa kwambiri, monga kachasu. Zizindikiro zake ndi izi: mawu osasa kopitirira masabata atatu, kumva kuwawa pomeza, chotupa m'khosi, ndi kupuma movutikira.

Mukaona zimenezi, pitani ndi wodwala kuchipatala chapafupi. Iwo adzakulemberani kalata yopita ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi. Kumeneko amaunika pakhosi ndi kachipangizo kokhala ndi nyali, ndipo amatapa kanyama pang'ono kukayeza. Kutapa kanyamaku sikufalitsa khansa ayi.

Kodi opaleshoni yake imakhala yotani? Zimatengera kukula kwa chotupa.

1. Chotupa chikakhala chaching'ono, adokotala amatha kuchichotsa podzera m'kamwa, wodwala atagonekedwa tulo. Khosi siling'ambidwa. Mawu amatsala, ngakhale kuti mwina amasasa pang'ono.

2. Chikakulirapo, amatsegula khosi ndi kuchotsa mbali imodzi ya kholingo. Wodwala amayamba wapumira ndi kudyera m'machubu, koma akachira ambiri amayankhula ndi kudya ndithu.

3. Chikakula kwambiri, amachotsa kholingo lonse. Munthu amapumira pa kabowo ka pakhosi moyo wake wonse, ndipo amaphunzira njira ina yoyankhulira.

Nthawi zina adokotala amachotsanso timabele ta m'khosi ngati khansa yafikako. Odwala ena amawathandiza ndi makina owotcha khansa m'malo mwa opaleshoni. Funsani adokotala njira imene ingatheke kwa wodwala wanu, ndi kumene imapezeka. Kufunsa si mwano.

Mwaona tsono, amayi, kuti chimene chimalanda munthu mawu ndi kuchedwa. Wofika msanga amachitidwa opaleshoni yaing'ono, ndipo ambiri otere amachira. Wozengereza amafika chotupa chitatseka njira ya mpweya.

Inu ndinu amene mumamva mawu a amuna anu, a bambo anu kapena a apongozi anu tsiku ndi tsiku. Akasasa, werengani masiku. Masabata atatu akakwana, musadikirenso. Aperekezeni kuchipatala, ndipo alimbikitseni kusiya fodya ndi mowa.