Mawu a mlendo wolemekezeka pa msonkhano wa asing'anga ndi azaumoyo ku Katete

 

Mwezi wa June ukafika, mbaula ikalowa m'nyumba, anamwino a ku chipatala cha St Francis amadziwa kale amene akubwera: mwana amene phala lamukhuthukira pachifuwa, ndi wodwala khunyu amene wagwera m'mafuwa popanda womukoka. Ambiri amafika atapakidwa kale mazira aawisi kapena mankhwala otsukira mano. Namwino ayenera kuyamba wachotsa zonsezo pabala, mwana akulira.

Sindinabwere kudzanyoza zomera zathu. Mu 1999 madokotala a ku Banjul, m'dziko la Gambia, analemba za mmene ankamangira mabala a moto a ana ndi papaya wophwanyaphwanya, chifukwa papaya ali ndi mphamvu yosungunula mnofu wakufa. Madzi oterera a m'tsamba la aloe vera nawonso afufuzidwa kwambiri. Koma tsamba lomwelo, likathyoledwa ndi manja akuda, limalowetsa tizilombo m'bala, ndipo tizilomboto ndi timene timapha opsa ambiri.

Kuti tidziwe ngati chomera chimachizadi, mankhwala opaka amayamba kuyesedwa pa nyama. Akatswiri amagawa makoswe oyera m'magulu, amawagonetsa ndi mankhwala kuti asamve ululu, kenaka amawawotcha kabala kofanana pamsana. Gulu lina amalipaka mankhwala a chomera, lina silver sulfadiazine wa kuchipatala, lina amalisiya losapaka. Masiku angapo aliwonse amayeza kukula kwa bala, ndipo pomaliza amaika kachidutswa ka khungu pa maikulosikopu. Gulu losapakidwa lija ndi lofunika zedi, pakuti bala laling'ono limapola lokha, ndipo popanda gululo tikhoza kutamanda mankhwala amene sanachite kanthu. Komanso khoswe si mwana wanu. Khungu la khoswe limatseka bala mokokana, pamene la nkhumba, zimene tili nazo zambiri kuno, ndi limene limapola mofanana ndi lathu. Zonsezi zikayenda bwino, kuyesa pa anthu kumafuna chilolezo cha bungwe la National Health Research Authority, ndipo kugulitsa kumafuna chilolezo cha bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA.

Asing'anga anga, ndikukupemphani, chomera chimene mumachikhulupirira chibweretseni chiyesedwe. Inu ophunzira, mukachitengera ku yunivesite ya UNZA, dzina la amene anakusonyezani lilembedwe, ndipo phindu likabwera, lifike pakhomo pake. Asing'anga ambiri amabisa zomera zawo chifukwa choopa kulandidwa, ndipo mantha amenewo ndi omveka.

Pamene tikudikira, munthu akapsa, thirani madzi ozizira ndi oyera pabala kwa mphindi 20, mumuvule mphete ndi zibangili chiwalo chisanatupe, phimbani ndi nsalu yochapa, muthamangire kuchipatala. Musaboole matuza.

Ndi mawu amenewa, ndatsegulira msonkhano uno.