Kodi phungu wa dera lina angamvere meseji yako?

(Awa ndi mawu amene mnzathu wina analankhula kwa atsikana pa Rumphi boma. Tawaika pano kuti amene simunabwere muwerenge.)

Ndilankhula m'Chichewa chifukwa tili ndi alendo ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, koma mafunso funsani m'Chitumbuka, palibe vuto.

Sabata yatha mtsikana wina anandifunsa kuti, "Asisi, ine ndimavotera ku Bolero. Ndikatumiza meseji kwa phungu wa ku Mangochi kapena ku Nsanje, angandimvere? Kapena ndikungotaya bandulo?" Ndinamuuza kuti ndidzamuyankha pamaso pa nonse, chifukwa ambiri a ife timadzifunsa zomwezo.

Tiyambe ndi mbali yowawayo. Phungu amaopa kwambiri chinthu chimodzi: voti. Ndime 64 ya malamulo oyendetsera dziko lino, yomwe inkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, inafafanizidwa ndi aphungu eniake mu 1995. Ndiye amene angamuchotse pampando ndi anthu a dera lake, pa tsiku la chisankho basi. Iwe wa ku Bolero ukamulembera kuti "sindidzakuvoterani", angoseka, chifukwa dzina lako mulibe m'kaundula wa kwawo. Ndipo nkhani ikakhala ya mjigo wa ku Mhuju kapena mlatho wa ku Hewe, usavutike n'kulembera phungu wa ku Nsanje. Imeneyo ndi ya khansala wako ndi phungu wako.

Koma pali nkhani zina zomwe sizidziwa malire a dera. Lamulo likadutsa ku Nyumba ya Malamulo, limagwira mtsikana wa ku Chiweta chimodzimodzi ndi wa ku Ndirande. Dzanja limene phungu wa ku Mangochi wakweza ku Lilongwe limalowa mpaka m'nyumba mwako. Pamenepo uli ndi ufulu wonse womulankhula.

Ndipo zinachitikapo. Mu February 2015 aphungu anavomereza lamulo la maukwati lomwe linati msinkhu wokwatiwa ndi zaka 18. Mmodzi mwa atsikana amene anamenyera nkhondo lamuloli ndi Memory Banda, yemwe mng'ono wake anatenga mimba ali ndi zaka 11. Iye ndi anzake a Girls Empowerment Network ankatumiza mameseji kwa aphungu kuwapempha kuti avomereze biluyo. Sanayambe afunsa kuti uyu ndi wa dera langa kapena ayi.

Komabe ntchito inali isanathe. Malamulo oyendetsera dziko ankalolabe mwana wa zaka 15 mpaka 18 kulowa m'banja makolo akavomera, ndipo malamulo amenewo ndi amene ali pamwamba pa onse. Kuti asinthidwe pamafunika aphungu awiri mwa atatu alionse. Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Nthawi imeneyo mipando inalipo 193, ndiye pankafunika mavoti 129. Rumphi inali ndi aphungu angati? Anayi okha! Ngakhale onse anayi akanatimvera, tikanatsala ndi mavoti 125 oti achokere kwa aphungu amene sitinawavotere. Pa 14 February 2017 aphungu 131 anavomera, awiri anakana. Mwaona kuchepa kwa mpatawo, eti? Lero mtsikana wa ku Rumphi akutetezedwa ndi mavoti a aphungu a ku Dedza, ku Mulanje ndi ku Machinga.

Sindikunena kuti mameseji okha ndi amene anasintha lamulo, ayi. Panali mabungwe amene anagwira ntchitoyi zaka zambiri. Panali mafumu ngati Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, yomwe inathetsa maukwati a ana mazanamazana. Panalinso maso a maiko akunja. Meseji inali ngati nkhuni imodzi pamoto woyaka kale. Koma moto wopanda osonkhezera umazima.

Ndiye tikafuna kulankhula ndi phungu wa dera lina, tizitani?

Choyamba, usaname. Usalembe kuti ndiwe wa kwawo pomwe ndiwe wa kuno. Akakutulukira, zonse zimene wanena zasanduka bodza. Nena dzina lako, kwanu, ndi chimene ukupempha, m'mizere itatu kapena inayi.

Chachiwiri, sankha woyenera. Aphungu amakhala m'makomiti, monga yoona za malamulo, ya zaumoyo, ya maphunziro ndi ya bajeti. Palinso gulu la aphungu achizimayi. Phungu akakhala m'komiti amagwira ntchito ya dziko lonse, ndiye kumulembera za nkhani yomwe ili m'komiti yake si kulowerera za eni.

Chachitatu, yang'ana nthawi. Meseji yofika bilu itatsala masiku ochepa kuti ikambidwe imawerengedwa mosiyana ndi yofika aphungu ali pa tchuthi.

Chachinayi, ndipo ichi ndi chimene chili ndi mphamvu kuposa zonse: dzera mwa anthu amene amamuvotera. Ifetu a m'tauni tili ndi mwayi umene sitiuona. Amene unkagona naye chipinda chimodzi ku koleji kwawo ndi ku Balaka. Amene umagwira naye ntchito ku Mzuzu amavotera ku Ntchisi. Alamu ako ndi a ku Zomba. M'malo molembera phungu wa ku Balaka wekha, imbira mnzakoyo kuti, "Achemwali, tawalembereniko aphungu anu, muwauzenso amayi anu ndi a kumpingo." Meseji imodzi yochokera kwa munthu amene dzina lake lili m'kaundula wa kwawo imalemera kuposa mameseji athu ambirimbiri.

Chomaliza, usatukwane. Ukamunyoza pa Facebook wamupatsa chifukwa chosakuyankhira.

Ndiye mchemwali wanga wa ku Bolero, yankho ndi ili: bandulo yako sikutayika, bola udziwe nkhani yoyenera, munthu woyenera ndi nthawi yake. Tisanatuluke muno, aliyense atsegule foni yake, apeze anzake atatu amene amavotera kunja kwa Rumphi, alembe maina awo ndi madera awo papepala lomwe likuzungulirali. Bilu yotikhudza ikadzafika ku Lilongwe, tisadzayambe kufunsana kuti tiimbire ndani.